Maenje Otsala Pokumba Miyala, Mchenga ndi Dothi: Mmene Tingabwezeretsere Moyo Pamalo Okumbidwa

Aliyense wa ife amene wayendapo pa msewu wochoka ku Chipata kupita ku Lundazi, ku Mfuwe kapena ku Chadiza waonapo maenje aakulu ofiira m'mbali mwa msewu, momwe munakumbidwa dothi lothira pamsewupo. M'munsi mwa mapiri ozungulira mzinda, amayi ndi anyamata amaswera dzuwa lonse akuphwanya miyala ndi nyundo. M'madambo muli nkhuti za oumba njerwa, ndipo m'mitsinje malole amalowa kukatapa mchenga. Chipata anakhala mzinda mu 2017 ndipo akukulirakulira. Njanji yochokera ku Mchinji inafika mu 2010, msewu wa Great East unakonzedwanso kuyambira pa mlatho wa Luangwa kufika ku Mwami, ndipo nyumba zikumangidwa mbali zonse. Mwala uliwonse ndi njerwa iliyonse ya ntchito zimenezi inasiya dzenje pamalo ena, ndipo kawirikawiri malowo ndi munda kapena busa la mlimi.

Ntchito zokumbazi zimadyetsa mabanja ambiri, ndipo ifenso timafuna misewu yabwino yopititsira mbewu zathu ku msika. Funso lathu ngati alimi ndi la mawa: okumba akachoka, malowo adzakhala chiyani? Dzenje losiyidwa chisiyire limadya munda chaka ndi chaka pamene makoma ake akugumuka, limasunga madzi oswera udzudzu, ndipo limaika ana ndi ziweto pangozi yomira. Koma malo okumbidwa angathe kuchira, ndipo anthu ofufuza aphunzira zambiri za mmene amachirira.

Chimene chimachoka pamodzi ndi dothi

Tikakumba dzenje m'munda wathanzi timaona kuti nthaka ili ndi magawo. Pamwamba pali gawo lakuda, lofewa, lonunkhira ngati masamba owola, lomwe kwathu kuno nthawi zambiri silipitirira masentimita 20 kapena 30. Pansi pake pali katondo kapena dongo, ndipo pansi penipeni pali miyala. Gawo lakuda lija ndilo nyumba ya zamoyo. Muli nyongolotsi, abongololo, chiswe, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timawoletsa zinyalala, timizu ta bowa tooneka ngati ulusi woyera, ndiponso njere za udzu ndi mitengo zimene zikudikira mvula. Kuti sentimita imodzi ya nthaka yotereyi ipangike kuchokera ku mwala pamapita zaka mazana, koma makina okumba amaichotsa yonse m'mawa umodzi.

Zikatero, chotsala ndi pansi pouma gwa, pomwe matayala a malole anatsendera mpaka madzi sangalowe. Mvula ya ku Chipata, yomwe imafika pafupifupi mamilimita 1,000 pa chaka ndipo imagwa yambiri m'miyezi yochepa, imangothamanga pamwamba n'kumang'amba zigwembe. Njere ikagwapo imapsa ndi dzuwa la Okutobala kapena kukokoloka mu Januwale. N'chifukwa chake maenje ena amakhala ofiira zaka khumi kapena kuposerapo, pamene munda wongogonekedwa umadzala tchire m'zaka ziwiri. M'munda wogonekedwa mizu, zitsa ndi njere zimakhala zikadalimo. M'dzenje zonsezo zinapita ndi lole.

Phunziro la ku Bamburi

Chitsanzo chodziwika kwambiri muno mu Africa chili ku Bamburi, pafupi ndi mzinda wa Mombasa ku Kenya. Kumeneko fakitale ya simenti inakumba miyala ya laimu kwa zaka zambiri n'kusiya chigwa cha mwala woyera, chotentha, chopanda nthaka, chomwe madzi ake apansi anali amchere. Mu 1971 katswiri wa zaulimi wa ku Switzerland, René Haller, anayamba kuyesa kubzalamo mitengo. Anayesa mitundu 26, ndipo itatu yokha ndiyo inapirira. Umene unachita bwino kwambiri unali casuarina, mtengo wa m'mphepete mwa nyanja umene mizu yake imagwirizana ndi tizilombo totenga nayitrojeni mu mpweya.

Mitengoyo inakula, koma masamba ake onga singano ankangounjikana pansi osawola. Haller anaona kuti abongololo a miyendo yofiira a m'tchire la pafupi amadya masamba amenewa, choncho anawatola n'kuwaika m'nkhalango yatsopanoyo. Ndowe za abongololowo zinasanduka nthaka yakuda yoyamba pamwamba pa mwala. Nthakayo itakhuthala, mitengo yachilengedwe ya m'deralo inayamba kubzalidwa pansi pa mthunzi, ina inabwera yokha ndi mbalame, mileme ndi anyani, ndipo m'malo otsika munakumbidwa maiwe oweteramo nsomba. Lero malowo amatchedwa Haller Park, ndipo ana a sukulu amapitako kukaona nkhalango ndi nyama.

Tisatengepo phunziro lakuti tikafune mbande za casuarina, pakuti umenewo ndi mtengo wa ku nyanja. Phunziro lake ndi la ndondomeko. Poyamba pamafunika zomera zolimba zoti ziphimbe pansi, kenako tizilombo tosandutsa masamba kukhala nthaka, ndipo pambuyo pake mitengo yofuna chonde. Haller anapambananso chifukwa ankayesa pang'ono, n'kuona chimene chafa ndi chimene chakhala, asanawononge ndalama pa mbande zambiri.

Zimene tinaphunzira ku Msekera

Ife a kuno tili ndi mwayi wakuti kafukufuku wofunika pa nkhaniyi anachitikira pakhomo pathu. Pa malo ofufuzira zaulimi a Msekera, kunja pang'ono kwa Chipata, akatswiri a boma pamodzi ndi a bungwe la ICRAF anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuyesa mitengo yobwezeretsa chonde m'minda yoguga. Mmodzi mwa otsogolera ntchitoyo anali Freddie Kwesiga. Anapeza kuti munda wogonekedwa zaka ziwiri uli ndi jerejere umabereka chimanga choposa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi munda wolimidwa chaka ndi chaka wopanda feteleza. Anayesanso ombwe, nandolo ndi gliricidia, umene ubwino wake ndi wakuti umaphukanso ukadulidwa.

Pambuyo pake ofufuza ena, Gudeta Sileshi ndi Paramu Mafongoya, anakumba nthaka ya m'minda yoyeserayi muno m'chigawo cha Kum'mawa n'kuwerenga tizilombo timene tinalimo. Anaona kuti pansi pa mitengo ya m'gulu la nyemba imene imagwetsa masamba chaka ndi chaka, tizilombo tothandiza nthaka monga nyongolotsi ndi abongololo timachuluka kuposa m'munda wa chimanga chokha. Kafukufukuyu anali wa minda yoguga, ndipo dzenje ndi lovuta kuposa munda woguga, komabe mitengo yomweyi ndiyo tili nayo pafupi yoti igwire ntchito imene casuarina anagwira ku Bamburi. Mbewu zake zimapezeka mosavuta, ambiri a ife tinaphunzira kale kuzifesa ku nazale, ndipo mizu yake imadzipezera yokha nayitrojeni pamalo pamene palibe manyowa.

Tiyambe ndi kuwerenga zamoyo

Makampani ena aakulu a simenti ndi miyala masiku ano amaitana ophunzira a ku yunivesite kuti awerenge zomera, mbalame ndi tizilombo m'malo awo okumbidwa asanaganize chochita nawo. Mlimi angathe kuchita zomwezo ndi kope ndi pensulo. Tisankhe malo atatu: pansi pa dzenje, pakhoma lake, ndi m'tchire losakumbidwa limene lili pafupi. Pamalo aliwonse tikhome zikhomo zinayi, mapazi khumi m'litali ndi khumi m'lifupi, ndipo tilembe mtundu uliwonse wa udzu, chitsamba ndi mtengo umene tauona mkatimo. Tikumbe kadzenje ka khasu limodzi n'kuwerenga tizilombo ta m'nthaka. Tikhale chete m'mawa kwa theka la ola n'kulemba mbalame zimene zabwera. Tichite zimenezi kawiri pa chaka, mu Febuluwale ndi mu Seputembala, pamalo omwewo, ndipo amene ali ndi foni yojambula ajambule ataima pa chikhomo chimodzimodzi nthawi zonse. Mayina amene sitikuwadziwa tifunse agogo a m'mudzi, pakuti iwo amakumbukiranso zimene zinkamera pamalopo kale.

Kuwerengaku kumatiuza zinthu ziwiri. Choyamba, chomera chimene chabwera chokha pamalo ovuta chatiuza kale kuti chingapirire. Ngati kapinga wayamba kuyala pansi, ngati mthethe kapena msekese wamera m'mphepete, ngati kachere wazika mizu m'ming'alu ya thanthwe, zimenezo ndizo tiyenera kuteteza ndi kuchulukitsa. Chachiwiri, tchire la pafupi ndilo muyezo wathu. Ngati m'tchiremo tapeza mitundu 30 ndipo m'dzenje tapeza itatu, chaka chamawa tidzadziwa ngati tikuyandikira kapena ayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene salemba amataya mtima msanga chifukwa kusintha kwa chaka chimodzi sikuoneka ndi maso.

Ntchito yake mwa ndondomeko

Ntchito yoyamba ndi ya madzi. Kumtunda kwa dzenje tikumbe ngalande yopatutsa madzi othamanga ndi kuwatsogolera kumalo a udzu, kuti asagwere pakhoma n'kumaligumula. Kenako tigwetse makoma oima chilili kuti akhale otsetsereka pang'ono, mwakuti pa mita imodzi ya kutsika pakhale mamita atatu a kutalika. Potero mwana kapena ng'ombe ikalowa imatha kutuluka, ndipo nthaka imene tithirepo siitsetsereka. Pansi potsenderedwa tipagawule ndi piki kapena pulawo, modutsa chitsetse, kuti mvula ilowe. Miyala yotsala tiindandalike m'mizere yopingasa kuti igwire dothi ndi zinyalala.

Ntchito yachiwiri ndi yophimba pansi. Ngati nthaka ya pamwamba inasungidwa, tiibwezere pamalo ake. Ngati inapita, tisayese kuthira manyowa dzenje lonse, pakuti palibe mlimi amene ali ndi manyowa ochuluka chotero. Tikumbe mayenje obzalamo a masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya, n'kuthiramo kompositi wosakaniza ndi dothi lakuda, ndipo pakati pa mayenjewo tiyale mapesi, makoko a mtedza kapena udzu. Udzu womweta m'tchire mu Meyi, njere zake zitakhwima, umagwira ntchito ziwiri: umaphimba pansi ndiponso umafesa mbewu za udzu wa m'deralo. M'mizere yopingasa tibzale vetiva motalikirana masentimita 10 mpaka 15. Mizu yake imalowa pansi kwambiri ndipo iye safalikira m'munda.

Ntchito yachitatu ndi ya mitengo yotsogola. Mvula ikakhazikika mu Disembala tibzale jerejere m'malo achinyontho, ombwe ndi nandolo m'malo oumirapo, gliricidia ndi mthethe m'mphepete. Masamba ake tisawachotse. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu, pansi pakayamba kuda ndipo abongololo ndi nyongolotsi zikayamba kuoneka, nthawi yakwana yobzala mitengo yokhalitsa: msangu, mlombwa, muwanga, mpoza, masuku, ndipo pafupi ndi madzi katope, mkuyu ndi mbawa. Masuku ndi mitengo ya m'nkhalango za miombo imadalira bowa wina amene amakhala pa mizu yake, choncho pofesa ku nazale tisakanize dothi la m'machubu ndi dothi lochepa lotapa pansi pa mtengo waukulu wa mtundu womwewo. Dzanja limodzi pa chubu ndi lokwanira, ndipo tisakumbe dzenje lina m'nkhalango pofuna kuchiritsa loyamba.

M'mphepete mwa malo okumbidwa nthawi zambiri mumatsala zitsa zamoyo. Mitengo ya miombo imaphukanso bwino kuchokera ku zitsa ndi mizu, ndipo mphukira yotere imakula msanga kuposa mbande chifukwa mizu yake ndi yakale. Pa chitsa chilichonse tisiye mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu n'kudula zinazo. Njira imeneyi, imene Tony Rinaudo anayamba kulimbikitsa ku Niger mu 1983, yabwezeretsa mitengo m'minda yambiri ya dziko louma lija popanda nazale. Mitengo ya m'mphepeteyi ndiyo idzakhale potera mbalame, ndipo mbalame ndi mileme ndizo zidzagwetse njere za mkuyu ndi zipatso zina mkati mwa dzenje popanda ife kulipira kanthu.

Zonsezi zimatha ndi moto umodzi wa mu Okutobala kapena mbuzi za sabata imodzi. Tilambule njira yotchinga moto kuzungulira malowo udzu usanaumitsitse, ndipo timange mpanda wa minga kwa zaka zitatu zoyambirira. Tikhalenso tcheru ndi lantana, chitsamba chobwera cha timaluwa tokongola chimene chimakonda malo osokonezedwa. Chikakhazikika chimapanikiza zomera zina zonse, ndipo masamba ake ndi poizoni kwa ng'ombe. Tichizule ndi mizu yomwe chikadali chaching'ono.

Si dzenje lonse loyenera kukwirira

Ofufuza za malo okumbidwa apeza chinthu china chimene poyamba chimadabwitsa: mbali zina za dzenje zimasanduka mokhala zamoyo zimene zikusowa malo kwina. Khoma la mchenga ndi malo amene fulagombe amaboola zisa zake, monga timaonera m'magombe a Luangwa, ndipo njuchi zina zokhala pazokha, zomwe zimathandiza maungu ndi nyemba kubereka, zimaswera m'nthaka yopanda udzu. Mulu wa miyala umasunga abuluzi odya tizilombo. Choncho ngati pali kakhoma kafupi kamene sikaopseza munthu ndipo mbalame zaboolapo kale, tingakasiye, n'kukonza mbali zinazo.

Dzenje losunga madzi limafuna chiganizo chapadera. Ngati madzi amakhalamo mpaka mu Ogasiti kapena Seputembala, ndi chuma: lingathirire dimba, kumwetsa ziweto kapena kuweteramo nsomba. Likonzedwe ndi gombe lotsetsereka, malo amodzi omwera ziweto oyalidwa miyala, bango ndi udzu m'mphepete kuti zisefe matope, ndi mpanda woteteza ana. Dziwe lokhala ndi nsomba, achule ndi ana a tombolombo silisunga mphutsi zambiri za udzudzu chifukwa zimadyedwa. Zithaphwi zazing'ono za dzuwa, zotsala m'mapondedwe a ng'ombe ndi matayala, ndizo udzudzu wa malungo umakonda, ndipo zimenezo tizikwirire. Ana asasambe kapena kukodza m'dziwemo, pakuti nkhono za m'madzi odikha zimafalitsa likodzo. Za kuweta nsomba tifunse alangizi a za nsomba a boma tisanagule mbewu.

Chenjezo la ku Kabwe

Zimene tafotokozazi zikukhudza maenje a miyala yomangira, mchenga, dothi la msewu ndi njerwa. Malo okumbidwa zitsulo ndi nkhani ina. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likudwalitsabe ana a m'makomboni oyandikana nawo kufikira lero. Muno m'chigawo chathu anthu akukumba golide m'madera monga Vubwi ndi Petauke, ndipo okumba golide ang'onoang'ono m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito mekyule, amene amalowa m'madzi ndi m'nsomba. Pamalo pamene panatsukidwa golide, kapena pamene panatayidwa mafuta a makina ndi mabatire, tibzale mitengo ya matabwa ndi udzu wogwira nthaka basi. Ndiwo, chimanga ndi nsomba zidikire kufikira nthaka ndi madzi zitayezedwa ndi akatswiri.

Pangano lichitike asanakumbe

M'mera mpoyamba. Mbali yotsika mtengo ya ntchito yonseyi ndi imene imachitika makina asanafike. Lamulo la dziko lathu losamalira chilengedwe la 2011, limene linakhazikitsa bungwe la ZEMA, limafuna kuti ntchito zazikulu zokumba ziunikidwe zisanayambe, ndipo mwini ntchito afotokoze mmene adzakonzere malowo pomaliza. Koma maenje ambiri a m'midzi amayamba ndi kukambirana kwa pakamwa pansi pa mtengo, ndalama zochepa n'kulandiridwa, ndipo kontalakita akamaliza msewu samaonekanso.

Wina akabwera kudzapempha malo okumba m'munda mwathu kapena m'busa la mudzi, tisavomere tsiku lomwelo. Tiitane a nyakwawa, pakuti malo a makolo ali m'manja mwa mafumu, ndipo pangano lilembedwe papepala pamaso pa mboni. Lifotokoze malire ndi kuya kwa dzenje, malire ake atakhomedwa zikhomo. Linene kuti nthaka yakuda ya pamwamba idzapalidwa payokha n'kuunjikidwa pambali, mulu wake osapitirira mamita awiri kuti zamoyo za mkati zisafe, ndipo ife tidzafesapo khobwe kapena kalongonda kuti usakokoloke. Linene kuti mitengo ikuluikulu ya m'mphepete isiyidwa, kuti makoma adzagwetsedwa ndipo nthaka idzabwezedwa makina asanachoke pamalopo, ndiponso kuti zinyalala ndi mafuta sizidzatayidwa m'dzenje. Makina amachita tsiku limodzi ntchito imene banja lingagwire ndi makasu nyengo yonse ya chilimwe, choncho tsiku limenelo likhale m'pangano. Oumba njerwa nawonso angathe kupala nthaka yakuda n'kuiika pambali, popeza siumba njerwa zabwino, ndi kukwirira nkhuti yakale asanatsegule ina.

Pamene dzenje lili pa malo a mudzi wonse, lamulo la nkhalango la 2015 limalola anthu a m'mudzi kupanga gulu loyang'anira nkhalango yawo, movomerezedwa ndi mfumu ndi a Dipatimenti ya Nkhalango. Gulu lotere lingaike malamulo a moto, ziweto ndi kudula mitengo, ndipo mwini wa uchi, nkhuni ndi zipatso za m'tsogolo amadziwika kuyambira pachiyambi.

Kwa inu amene mukadali pa maphunziro, tikupempha kuti popita kumudzi mukayang'ane dzenje limodzi limene lili pafupi ndi kwanu, mukakhome zikhomo zinayi ndi kulemba zimene zamera. Kwa inu amene munamaliza kale ndipo mwayesapo ntchitoyi, tilembereni kuti ndi mitengo iti inapirira pa katondo, iti inafa, ndipo ndi mbalame ziti zinayamba kubwera. Nthaka ya kwa Mpezeni, ya kwa Chanje ndi ya ku Chadiza si imodzi, ndipo zimene mwaona kwanuko zidzathandiza anzanu kusankha mbande zoyenera mvula ikubwerayi.